KODI TAI CHI NDI ZA SATANA? INE NDINAWERUZA NDISANAFUNSE

  Uthenga wa lero ndi wautali, ndiye kokani mpando. Pempho langa ndi limodzi: werengani mpaka kumapeto musanakomente, chifukwa tchimo limene ndikufuna kuulula lero ndi lomwelo, loyankha usanamve.

Mumpingo mwathu muli mayi ena achikulire, a zaka 71. Dzina sinditchula, koma andilola kufotokoza nkhaniyi. Mayi amenewa tinayamba nawo utumiki tikusonkhana m'kalasi ya pasukulu, mabenchi obwereka. Zaka ziwiri zapitazo anadwala sitiroko. Mulungu anawachitira chifundo, anadzuka, koma mwendo wakumanzere unatsala wolemera ndipo akamayenda ankadzandira. Mwana wawo wamkazi amagwira ntchito yosamalira okalamba ku England. Kumeneko agogo ambiri amachita masewera oyendetsa thupi pang'onopang'ono otchedwa tai chi, kuti asamagwe. Ndiye anawatumizira mayi ake timavidiyo pa WhatsApp, nati, "Amayi, muzichita izi m'mawa uliwonse, mpando ukhale pafupi."

Sipanathe miyezi iwiri, alongo awiri a gulu lopembedzera anafika kunyumba kwanga nkhope zili gwa. "Abusa, mayi aja alowa za satanic. Tawaona kuseri kwa nyumba m'bandakucha, akupalasa mphepo ndi manja ngati akuitana mizimu. Akuti ndi za ku China."

Abale, ine sindinafunse kanthu. Ngakhale vidiyo imodzi sindinaione. Ndinawaitanitsa mayiwo, ndinati, "Amayi, zimenezi musiye lero lomwe." Iwo anangowerama nati, "Chabwino abusa, ngati mwatero." Anafufuta mavidiyo onse mufoni ine ndikuona.

Patatha miyezi inayi anagwa potuluka m'bafa, mkono n'kuthyoka pamfundo. Masabata 6 ali mu pulasitala, kuvala kowaveka, kusamba kowasambitsa. Mwana wawo anandiimbira foni usiku akulira. Sanandinyoze. Anangofunsa funso limodzi: "Abusa, munafufuza kaye musanawaletse?"

Pakamwa panga panauma. Sindikunena kuti akanapitiriza sakanagwa, zimenezo adziwa ndi Mulungu. Koma ndinachotsa ndodo m'manja mwa munthu wodzandira ndisanaione kuti ndi ndodo kapena njoka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Phulalo ndinadya ine, koma mkono unathyoka ndi wa mayi aja.

Kuchokera pamenepo ndinakhala pansi kuwerenga ndi kufunsa. Zimene ndapeza ndi izi.

ZIMENEZI N'CHIYANI KWENIKWENI?

Ife amene tinakulira m'mavidiyo a pamsika, tikuonera Bruce Lee ndi Jet Li, zonse timangoti kareti. Koma a ku China amagawa luso lawo lomenyana m'magulu awiri. Lina amati lakunja, monga la Shaolin, lodalira liwiro, kudumpha ndi kulimbitsa minofu. Lina amati lam'kati, m'chinenero chawo neijia, ndipo odziwika kwambiri m'gulu limeneli ndi atatu: Taijiquan, imene timati tai chi, Xingyiquan ndi Baguazhang.

Mawu akuti neijia anapezeka koyamba m'zolemba za chaka cha 1669, pamene wophunzira wina wotchuka, Huang Zongxi, analemba mawu okumbukira msilikali wina womwalira dzina lake Wang Zhengnan. Iye anati lusoli linachokera kwa Zhang Sanfeng, wa chipembedzo cha Dao wa kumapiri a Wudang. Nkhani imeneyi imakambidwabe mpaka lero, koma akatswiri a mbiri amaitenga ngati nthano. Phazi lenileni la tai chi limalozera kumudzi wa Chenjiagou m'chigawo cha Henan, kwa banja la Chen, makamaka Chen Wangting, msilikali wopuma wa m'zaka za m'ma 1600. Kumeneko n'kumene Yang Luchan, wobadwa mu 1799, anakaphunzira, kenako n'kukaziphunzitsa ku Beijing. Mdzukulu wake Yang Chengfu, amene anamwalira mu 1936, ndi amene anafalitsa kachitidwe kodekha, kotambasula manja, kamene timaona lero.

Xingyiquan mbiri yake imalozera kwa Ji Jike wa ku Shanxi, katswiri wa mkondo, ndipo ukaiona umaonadi mkondo: munthu amangolunjika kutsogolo, njira yachidule, nkhonya zoyambira zamitundu isanu. Baguazhang inatchuka ku Beijing kudzera mwa Dong Haichuan, amene anamwalira mu 1882. Ameneyu ankayendetsa ophunzira ake mozungulira bwalo laling'ono, kuzungulira, kutembenuka, kuzunguliranso, kuti aphunzire kuzemba ndi kutulukira kumbuyo kwa mdani. Amene munaonera filimu ya Jet Li ya 2001 yotchedwa The One, m'mene amamenyana ndi mnzake wofanana naye, woipa uja ankagwiritsa xingyi, wabwino uja bagua. Sun Lutang, amene anamwalira mu 1933, anaphunzira zitatu zonsezi, ndipo mabuku ake anathandiza kuti anthu aziziwerenga ngati banja limodzi.

Nanga zimene ankachita mayi athu aja? Mu 1956 boma la China, boma la chikomyunizimu limene silivomereza n'komwe za mizimu, linakonza tai chi yachidule ya masitepe 24, yotha m'mphindi 5 kapena 6, kuti anthu wamba azilimbitsira thupi. Imeneyi ndi yofanana nayo ndi zimene zadzaza m'mapaki ndi m'nyumba za okalamba padziko lonse. Mu December 2020 bungwe la UNESCO linaika Taijiquan pamndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa.

CHINSINSI CHAKE AMAYI A KUMUDZI AMACHIDZIWA KALE

Nditayamba kumvetsa mfundo zake ndinaseka ndekha, chifukwa ndinaona mayi anga ondibereka akuchokera kumjigo.

Mfundo yoyamba amaitcha song, kutanthauza kumasula thupi. Mapewa agwe, zigongono ziloze pansi, mawondo asakungike, mutu uime ngati pali chingwe chaukokera kumwamba. Taonani mayi wosenza ndowa ya malita 20 pamutu osagwirira. Akaumitsa khosi madzi atayika. Akalefuka ndowa igwa. Ali pakati, womasuka koma wowongoka. Ndi zomwezo.

Yachiwiri ndi mizu. Kulemera kwa thupi kutsikire kumapazi, ndipo munthu adziwe nthawi iliyonse kuti mwendo umene wanyamula thupi ndi uti, umene uli wopepuka ndi uti. Asananyamule phazi, ayambe wasamutsira thupi lonse kumwendo winawo. Msodzi woima m'bwato pa nyanja amachita zimenezi tsiku lililonse, apo ayi amwa madzi.

Yachitatu ndi yoti mphamvu ichokere m'thupi lonse. Imayambira kumapazi, kukwera m'miyendo, chiuno n'kuiwongolera, manja amangoifikitsa. Funsani aliyense amene anasinjapo chimanga. Wosinja ndi manja okha satha ngakhale lichero limodzi. Wodziwa amasinja ndi miyendo ndi chiuno, musi umangotsika wokha.

Yachinayi ndi kumvetsera. Ali ndi masewera a anthu awiri otchedwa tuishou, kukankhana manja. Mumagunditsa mikono, wina akukankha, wina akumva kumene mphamvuyo ikulowera. Mnzako akakankha, iwe subwezera. Umapatuka pang'ono, chiuno n'kutembenuka, iye n'kupitirira yekha ndi mphamvu yake yomwe. Amene anakankhapo chitseko poganiza kuti n'chokhoma pamene chili chongotseka akudziwa chimene chimachitika.

Palinso kungoima, zhan zhuang, mawondo opinda pang'ono, manja ngati wakumbatira mtengo, mphindi zingapo osasuntha. Ndinayesa ine. Mphindi zitatu zokha ntchafu zinayamba kunjenjemera ngati ndakwera phiri la Mulanje. Palibe mzimu unabwera, abale. Inabwera ndi thukuta.

Nanga n'chifukwa chiyani amachita mochedwa chonchi? Chifukwa ukamathamanga zolakwika zimabisala. Ukamayenda pang'onopang'ono umazindikira kuti apa bondo lapotoka, apa ndagwira mpweya, apa phewa lakwera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

A ZACHIPATALA AKUTI BWANJI?

Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Ife timaopa mfiti, koma sitepe ya pabafa yagoneka agogo ambiri.

Mu 2012 magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wa Fuzhong Li ndi anzake ku Oregon, ku America, pa anthu 195 odwala matenda onjenjemera a Parkinson. Amene ankachita tai chi kawiri pa sabata kwa masabata 24 anayamba kuima mokhazikika kuposa anzawo. Mu 2018 gulu lomwelo linayesa okalamba 670 a zaka 70 kupita m'tsogolo, ndipo kugwa pakati pa a tai chi kunachepa ndi 58 peresenti poyerekeza ndi amene ankangodziwongola. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: miyendo imalimba, ndipo thupi limazolowera kusamutsa kulemera kwake mosamala.

Mvetsani bwino. Tai chi sichiza BP, sichiza shuga, sichotsa sitiroko. Mankhwala anu pitirizani kumwa.

TSOPANO FUNSO LENILENI: ZA MIZIMU MULIBE?

Apa sindikunamizani, chifukwa ndikabisa mbali iyi ndikhala ndalakwa kachiwiri. Alongo aja sanalote. Mayina ndi maganizo a masewerawa anachokeradi m'nzeru zakale za ku China. Taiji ndi chiphunzitso cha yin ndi yang, mbali ziwiri zosinthana monga usiku ndi usana. Bagua ndi zizindikiro 8 za m'buku lakale la Yijing, limene anthu amagwiritsanso ntchito poombeza. Nkhonya zisanu za xingyi anazipatsa mayina motsatira chitsulo, madzi, mtengo, moto ndi dothi. Ena a chipembedzo cha Dao ankachita masewera a kapumidwe pofuna moyo wosafa. Ndipo m'masukulu ena achikale, wophunzira wolowa m'banja la mphunzitsi amagwada, kupereka tiyi ndi kufukiza lubani patsogolo pa zithunzi za aphunzitsi amene anamwalira.

Palinso mawu akuti qi, amene amaopsa Akhristu ambiri. M'chinenero chawo mawuwa ndi a tsiku ndi tsiku: mpweya, nthunzi, ngakhale nyengo amati tianqi, kukwiya amati shengqi. Aphunzitsi ena akati qi amangotanthauza kapumidwe ndi kutentha kumene umamva m'manja magazi akamayenda bwino. Ena amatanthauza mphamvu yosaoneka yoyenda m'thupi, imene palibe makina anaiyezapo. Koma si Mzimu Woyera, ndipo Akhristu anzathu a ku China m'Baibulo lawo amagwiritsa mawu ena, Shengling. Aliyense wokuuzani kuti qi ndi Mzimu Woyera n'chimodzimodzi, m'thaweni.

Mbiri ya China yomweyo ikutichenjezanso. Mu 1900 gulu lotchedwa Boxers linasakaniza masewera omenyana ndi kuitana mizimu kuti iwalowe, likukhulupirira kuti chipolopolo sichingawalase. Kwathu kuno tingati kukhwima. Anapha amishonale ndi Akhristu a ku China zikwizikwi, ndipo zipolopolo zinawalasa ndithu. Ndiye ngozi ilipo pamene thupi lasanduka khomo loitanira mizimu.

Maganizo anga ndi awa. Kupinda bondo, kusamutsa phazi ndi kupuma modekha si kupembedza. Bondo analenga ndi Mulungu, sanalenge ndi Zhang Sanfeng. Kupembedza kumayamba pamene mtima wagwadira china chake ndi kuikapo chiyembekezo.

Wina anena kuti, "Abusa, muzu ukakhala woipa, chipatso chingakome bwanji?" Funso labwino, ndipo abusa anzanga amene amakaniratu zonsezi ndimawalemekeza. Koma taganizani. Pafupi ndi mzinda wa Korinto pankachitika mipikisano yolemekeza mulungu wachigiriki Poseidon, ndipo ya Olympics inali yolemekeza Zeus. Komabe pa 1 Akorinto 9 Paulo akutenga wothamanga ndi womenya nkhonya kukhala chitsanzo cha Mkhristu wodziletsa. Danieli anaphunzira zolemba ndi chinenero cha Ababulo mpaka kupambana anzake, koma chakudya cha mfumu anakana, ndipo kupemphera kwa wina aliyense kupatula Mulungu wake anakananso. Anadziwa pamene pali malire. Ngakhale ng'oma imene timavinira Lamulungu, panali nthawi imene amishonale ena ankaikana m'tchalitchi chifukwa inkalira kumizimu. Lero ikulira kwa Yesu.

Malire anga ine ndi awa, ndipo ndikuwanena ngati m'busa wanu:

1. Kugwadira guwa, chithunzi kapena fano, ndi kufukiza lubani, ayi.
2. Mphunzitsi akati tsegula mtima kuti mzimu kapena mphamvu ina ikulowe, nyamuka uzipita.
3. Akakulonjeza machiritso a qi, kapena akati siya mankhwala a kuchipatala, ameneyo ndi wakuba.
4. Ngati chikumbumtima chako sichikumasuka, makamaka iwe amene Ambuye anakutulutsa kwa asing'anga ndipo zimenezi zikukukumbutsa zakale, usachite. Yenda wapansi, lima, kwera njinga. Koma usaweruze mnzako amene akuchita ndi mtima woyera. Kawerengeni Aroma 14 yonse modekha.

PAMENE ZINANDILASA INE MWINI

Pali chinthu china chimene sindinachiyembekezere. Pa intaneti pali mavidiyo a "akatswiri" ena amene amangotambasula dzanja, ophunzira awo n'kumagwa chagada asanakhudzidwe. Amati ndi mphamvu ya qi. Chodabwitsa n'chakuti amagwa ndi ophunzira awo okha. Mlendo akabwera, amangoima n'kumawayang'ana.

Mu April 2017 mumzinda wa Chengdu, womenya wa MMA dzina lake Xu Xiaodong anakumana ndi Wei Lei, amene ankadzitcha katswiri wa tai chi ndipo anali ataonetsedwapo pa TV. Sipanathe theka la mphindi, Wei Lei anali pansi. Mu May 2020 winanso, Ma Baoguo, anagwetsedwa katatu m'masekondi 30. Izi sizikutanthauza kuti lusoli n'lachabe. Zikutanthauza kuti munthu amene wakhala zaka akuomberedwa m'manja ndi omutsatira, osayesedwa ndi wina womukana, amayamba kukhulupirira bodza lake lomwe.

Nditaonera mavidiyo amenewo tulo sitinabwere. Ndinaona mzere wa mapemphero. Ndinaona ma asha ataima kale kumbuyo ndi zitenje, munthu asanapemphereredwe n'komwe. Ndinaona dzanja la mtumiki likukankha chipumi, ndipo nthawi zina dzanja limenelo linali langa. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti Mzimu Woyera amagwira anthu, ndaziona ndi maso anga. Koma ndikudziwanso kuti ena amagwa chifukwa akuopa kuti akapanda kugwa anthu ati ali ndi chiwanda. Atumiki anzanga, Mulungu safuna kuti timuthandize ndi chikhatho. Chipatso tiziyang'ana Lolemba, ngati woledzera uja wasiya mowa ndi womenya mkazi uja wasiya nkhanza. Ine ndawauza ma asha athu kuti woima aime, wogwa agwe, ndipo ine sindikankhanso munthu.

MMENE ZATHERA

Ndinapita kunyumba kwa mayi aja pamodzi ndi mayi busa. Ndinati, "Amayi, ndinakulakwirani. Ndinakuletsani chinthu chimene sindinachidziwe. Mundikhululukire." Iwo anaseka nati, "Aaa abusa, inu ndi mwana wanga. Koma ndikuuzeni, ine pochita zija ndinkaimba nyimbo ya chitsitsimutso chamumtima. Mizimu ya ku China ikanaimva bwanji?"

Tinaonera limodzi mavidiyo amene mwana wawo anatumizanso. Munali mayi wina wovala yunifomu ya kuntchito, akuwerenga masitepe, mpando uli pambali. Munalibe guwa, munalibe lubani. Adokotala awo atavomereza, anayambiranso. Alongo awiri aja ndinakhala nawonso pansi. Mmodzi anamvetsa. Winayo akuti mtima wake sukumasukabe, ndipo ndamuuza kuti ali ndi ufulu wosachita, koma dzina la mayi aja lisamvekenso pakamwa pake ngati la mfiti. M'dziko muno agogo avulazidwapo ndi kuphedwa chifukwa cha mawu oterowo, ndiye si mawu oseweretsa.

Inu amene muli ndi makolo okalamba, funsani kaye achipatala musanawayambitse masewera alionse. Ayambe ndi mphindi zochepa, pamalo osaterera, mpando wolimba kapena khoma lili pafupi, munthu wina akuwaona. Bondo likapweteka asapinde kwambiri. Akamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, asiye pomwepo. Ndipo kaoneni sitepe ya pabafa ija, mwina ikufunika simenti ndi chogwirira.

Paulo anauza Timoteo kuti kulimbitsa thupi kuli ndi phindu lake, ngakhale kuti kuopa Mulungu kumaposa. Ife a Pentekoste tagwiritsitsa mbali yachiwiriyo, ndipo tachita bwino. Yoyambayo tisaitaye, chifukwa timasala kudya masiku 21 koma kuyenda wapansi mphindi 21 kumatikanika.

Ndikudziwa kuti ena simugwirizana nane. Lembani maganizo anu m'munsimu mwaulemu, ndiwerenga onse ndipo ndiyankha mmene ndingathere. Ngati pali wina amene munamutchula wa satanic musanamufunse, musalembe Amen kaye. Muimbireni foni lero.

Ambuye akudalitseni ndi kusunga mapazi a makolo athu kuti asaterereke. Tionana Lachitatu kumapemphero a madzulo. Shalom.